Sikelo ya Efraín

Masitolo a ku Once akamatsitsa zitseko zamalata
ndiye kuti kwanga kwacha.
Ndimakoka ngolo mumsewu wa Pasteur,
ng'ombe ndine, woyendetsa ndine ndemwe,
kutola makatoni amene anabwera ndi nsapato
kuchokera kumaiko kumene sindidzapondako.
Katoni ndimaiponda pamimba, imalira kamodzi, phwa!
kenako n'kugona phee pamsana pa inzake.

Buenos Aires amataya ndi manja awiri.
Koma ukachedwa lole ya zinyalala yakudyera,
ukafulumira mlonda akuyang'ana ngati mbala.

Pepala loyera la m'maofesi ndiye mnofu,
katoni ndi fupa,
nyuzipepala ndi msuzi wopanda mchere.
Yésica, mwana wanga, anazidziwa izi
asanadziwe kumanga zingwe za nsapato.
Amasankha pansi pa nyali ya msewu,
zala zitauma ndi chisanu cha Julaye.

Kudepoti, Efraín amalemba mtengo ndi choko pakhoma.
Lolemba unali woti n'kugulira mafuta ophikira.
Lachisanu wanyowetsa chala ndi malovu,
wafufuta, walemba wina wowonda.
Akuti fakitale yakhuta,
akuti mabelo akubwera pamalire
otchipa kuposa thukuta langa.
Ndani ameneyo, wakhala pampando kutali uko,
wapeputsa ngolo yanga osaikhudza n'komwe?
Mvula ikagwa Efraín amapisa dzanja pakati pa mulu:
"Anselmo, ine sindigula madzi."
Makilo khumi apita.

Dzana, pakhomo pa nyumba yosanja
pomwe achibale ankakolopa pambuyo pa maliro,
tinapeza bokosi la makalata omanga ndi ulusi wofiira.
Onse oyamba chimodzimodzi: Wokondedwa Amalia.
Yésica anandiwerengera awiri.
Mwamunayo ankagwira ntchito kumwera, kumphepo,
ankadandaula za dzino,
ankalonjeza kubwera mphesa zikapsa.
Sitikudziwa ngati anabwera.
Sitima yobwerera kwathu siidikira munthu amalize nkhani.

Efraín anawaponya pasikelo osamasula ulusi.
Zaka makumi atatu za kudikira:
kilo imodzi ndi magalamu mazana awiri.
Pepala lake lachikasu, anatero,
silingapite pamtengo wa loyera.
Ndinalandira. Ndikanatani?
Njala siwerenga makalata a eni.

Amati kufakitale zonse zimalowa m'chimphika chimodzi,
malisiti, mayeso a ana, zigamulo za khoti,
madzi amatsuka inki, mawu amasungunuka,
chimatsala ndi phala lotuwa lopanda dzina.

Lero ndagula mazira asanu ndi limodzi
pakathireyi kotuwa, kokhakhala.
Yésica wakatembenuza kawiri pafupi ndi zenera,
akufunafuna kaya chilembo chimodzi chotsala.
Ndamuuza asakaphwanye.
Kakatha ntchito kalowanso m'thumba,
Efraín akagula,
ngakhale kulemera kwake
sikelo siimva n'komwe.