Chimbale Chokalika

Ndinachigula ku Zigwagwa tsiku la mawawa
kwa Gomezgani, uja amayala malonda pakatoni
pakati pa maloko a njinga ndi mankhwala a makoswe.
"Akatuni awa, bwana, magawo khumi m'chimbale chimodzi,
ana akakhala phee mpaka Lolemba."
Pachikuto panali mayi wovala chikopa, atafungatira nyanga,
kumbuyo kwake miyezi iwiri ikutuluka limodzi.
Ndinalipira osanenerera.

Mphindi zisanu zisanathe
chilombo cha mano ngati makasu
chinadula munthu pakati, magazi waa pagalasi lonse.
Nyaluhanga anadzambatuka ngati wakhalira singano:
"Fumbani, Tapiwa, kokagona!
Inu, akatuni ake amenewa?"
Chimbale chinaponyedwa pamwamba pa kabati,
pomwe timasunga makhadi a kusikelo.
Makhadiwo ndi atatu. Ana m'nyumba muno ndi awiri.

Usiku wina mu Juni ndinachedwa ku Luwinga,
utuchi wa paini uli m'makutu, zala zitauma ndi chisanu.
Ndinapeza kuwala kobiriwira kukudontha pansi pa chitseko,
iye atadzikulunga bulangete, rimoti pachifuwa,
mawu atatsitsa mpaka kunong'ona.
Sanandiyang'ane. Anangosendera pang'ono.

Dziko lake ndi lija mapiri asanapatsidwe mayina.
Anthu ake salankhula Chitumbuka, ngakhale Chizungu,
amangodzuma, kuloza, kugundana zipumi.
Mayi uja wanyamula khala limodzi m'nyanga ya njati,
moto womaliza wa mtundu wake,
amalidyetsa ndere zouma, kuliuzira pang'onopang'ono,
kugona chokhala kuti lisazizidwe.
Mbalame zazikulu ngati minibasi zimamuzungulira,
mitengo imazuka n'kumutsatira usiku,
nkhalamba ya diso limodzi inamupempha moto, iye n'kuithyola mkono.
Gawo limodzi usiku uliwonse, magetsi akalola.
Akapanda kulola tinkakhalabe pamenepo
kumvera mvula pamalata a Chiputula,
anthu awiri amene anaiwala poyambira nkhani.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: mtsinje wakuda, wopanda tsidya.
Mayi walowa, madzi m'chiuno, madzi m'khosi,
nyanga waikweza pamwamba pa mutu ndi manja onse awiri,
chinachake chikubwera pansi pa madzi,
basi, chimbale kakaka.
Nkhope yake yasweka timabokosi.

Ndinachipukuta ndi malaya. Ndinachiuzira mpweya.
Ndinapaka mankhwala otsukira mano monga anandiuzira anzanga,
chinangonunkhira bwino, osasuntha.
Gomezgani tsopano amagulitsa zikuto za mafoni:
"Zimbale, bwana? Mudakali komweko?"
Mphwanga wa ku yunivesite anati atiikira zonse pafoni,
magawo otsalawo ndi ena atsopano.
Nyaluhanga anati ayi, zikomo, imwani tiyi.

Usiku umenewo anachiikanso, kudumphitsa mpaka pamtsinje.
Tinayang'ana mayi wosweka uja nthawi yaitali.
"Awoloka," ndinatero ine, "akatuni safa."
"Kuwoloka awoloka," anayankha, "koma khalalo lazima kale.
Onani mmene waigwirira nyanga. Akudziwa.
Kungoti manja sanauzidwe."
Kenaka anatchula dzina lija,
koyamba pa miyezi khumi ndi umodzi,
analitchula lonse, Zgawaniso,
monga muja amaitanira mwana wochedwa kuseri kwa nyumba.
Ine ndinayankha ndi phewa, mawu anali atandithawa.
Tinagundana zipumi ngati anthu a m'phanga aja.

Chimbale chidakali m'makina, sitinachichotse.
Mayi uja adakali m'madzi mpaka m'khosi.
M'mawa nkhungu ikatsika kuchokera ku Kaning'ina
ndimamva Nyaluhanga pakhonde, atagwada pambaula,
akuuzira makala a dzulo,
ndipo sindithamangiranso kukamupatsa machesi.