Mzere wa pa Botolo

Nkhungu yatsika kuchokera ku Kaning'ina,
yameza nyale za ku Luwinga.
Wodi ikununkha jiki ndi nthochi zakupsa.
Pa bedi lakumapeto, a Chavula sanagone.

Zaka makumi atatu anaphunzitsa masamu ku Chibavi,
ndiye kuwerengera amakudziwa:
kalata ya a inshuwalansi ili pansi pa pilo,
akuti ndalama za chaka chino zatha. Mu Juni.
Njinga yamoto ya mwana inapita kale.
Puloti ya ku Mchengautuwa ikusaka wogula.

"Adokotala," andigwira mkono wa gauni,
"botolo lija la mofini,
mutathira mopyola mzere pang'ono,
angakufunseni ndani?"

Ndikuti lamulo sililola.
Akuseka, nthiti zikuchita kuwerengeka.
"Nanga likadalola?"

Funsolo ndapita nalo ku Katoto,
ndakhala nalo m'galimoto, injini nditazimitsa.
Likadalola, akadapempha ndani,
ululu wa m'mafupa
kapena kalata ija?
Nanga wosainira malipiro ku ofesi uja,
sakadapumira m'mwamba kodi
poona kuti imfa njotchipa
kuposa sabata imodzi ya okosijeni?

Anandiphunzitsa kumvetsera mtima ndi kachitsulo kozizira.
Palibe anandiphunzitsa kusiyanitsa
munthu wotopa ndi moyo
ndi munthu wotopa ndi kukhala ngongole ya ana ake.

M'mawa ndathira kulekeza pa mzere penipeni.
Amwa. Andiyang'ana nthawi yaitali.
"Dzanja lanu likunjenjemera," akutero,
nasendeza miyendo yowondayo kukhoma.
"Takhalani kaye pansi."

Ndakhala.