Mzere wa 214

Usiku wa Lachiwiri ku Tartu,
chipale chofewa chaunjikana pa zenera la bekale.
Uvuni wazima, koma njerwa zake zikadali zofunda.
Miyezi itatu kabokosi kachikasu kakhala kakundinyengerera:
mtundu watsopano wafika, dinani apa.
Ine n'kumangoti mawa.
Mawa lija lakwana lero.

Ndayamba ndasunga kope la zonse,
monga adandiphunzitsira Heiki:
usanasasule denga, Kaja, yamba watulutsa katundu.
Kenako chala pa batani.
Kamzere kobiriwira kakukwawa ngati nkhono,
kaima pakati, mtima wanga phaa,
kapitiriza.

Pulogalamu yadzuka ndi nkhope ina.
Mabatani asamuka osatsanzika,
la maoda lapita kumanzere, labisala.
Tizowonjezera tanga tisanu n'tinayi
ndikutiitana mayina ngati ana a sukulu.
Kowerengera msonkho: ndilipo.
Kolandira ndalama za pakhadi: ndilipo.
Kosindikiza malisiti katsokomola,
kapempha chovala chatsopano, ndakaveka.
Kena ka ku Riga, mwini wake adakataya kalekale,
ndakachotsa maso ali gwa.

Komaliza kangoti zii.

Ndi kamene adalemba Heiki pa tebulo lomweli,
ufa uli m'zikhadabo, khofi atazizira pambali,
kamene kankafunsa kuzizira kwa mawa
n'kundiuza kuti buledi wakuda ndiphike angati.
Zaka zisanu n'ziwiri
sikanaphonyepo kuposa mikate inayi.
Lero malemba ofiira:
chalakwika pa mzere wa 214,
liwu limeneli kuno sitilidziwanso.

Ndatsegula m'mimba mwake,
ine wosamva chinenero cha makina.
Mizere, timikutiramawu, madontho awiriawiri,
ndikutsika nawo ngati masitepe a chipinda chapansi
mpaka ndafika.
Ndipo pamwamba pa mzere uja
pali mawu amene makina amangowalumpha,
mawu olembera munthu:
"Apa ndangomangirira ndi luzi.
Ndidzakonza bwino chilimwe chikubwerachi."

Chilimwe chimenecho
tidamunyamula kupita naye ku manda a Raadi,
dzuwa likukana kulowa mpaka pakati pa usiku.

Kope lija lilipo. Ndingathe kubwerera,
kukhalanso m'nyumba yakale
imene maloko ake akuba onse akuwadziwa.
Taavi, mwana wa mnansi wanga,
akuti kulemba kena ndi ntchito ya madzulo amodzi,
kabwino kuposa aka, kothamanga.
Sakunama ayi.
Kungoti sikadzakhala ndi luzi m'kati mwake.

Wotchi yati thiri koloko.
Mtanda sudikira woferedwa, wafufuma kale m'beseni.
Pali batani lakuti fufutani,
pali lakuti zimitsani.
Ndadina lachiwirilo.
Dzina lake latuwa pa mndandanda,
lili pomwepo, pakati pa amoyo.

Ndavala jasi, ndatsegula chitseko chakuseri.
Msewu uli duu, mtsinje wa Emajõgi wauma gwa,
basi yoyamba sinadutse.
Ndaima, ndapereka tsaya ku mphepo
monga ankachitira iye asanagule kompyuta,
ndamvetsera m'mene ikulumira.

Makumi anayi, ndatero.
Mwina makumi anayi ndi isanu.
Ndalemba ndi pensulo pa thumba la ufa,
ndayatsa uvuni.