Kuphunzira Kugwa

Ine ndimakhala pakona, kuseri kwa piyano,
m'nyumba yakale yosungiramo zitsulo za sitima ku Gdansk
imene anaiyala matabwa ndi kuikhoma magalasi.
Chilimwe kuno dzuwa sililowa msanga,
limangozengereza pazenera
ngati mlendo wosadziwa kutsanzika.

Ana makumi awiri ndi atatu, milungu inayi.
Amatsika tramu ya seveni koloko
tsitsi atalimanga kolimba,
zikwama zikununkha thukuta ladzulo.
Wina akutafuna apozi,
wina akumata pulasitala pathuza la chala chachikulu.

M'mawa ndi wa Mayi Bogumiła.
Ndodo ali nayo koma sayendera,
amagogodera pansi: raz, dwa, raz, dwa.
"Khosi litalike. Mapewa atsike. Jagoda, chidendene!"
Chiuno chawo chakumanzere nchachitsulo,
madokotala anachiika zaka zisanu zapitazo,
koma msana uli njo ngati mlongoti.
Baleti yonse imene ndawaimbira zaka khumi ndi ziwiri
imathera pa liwu limodzi:
usagwe.

Masana amabwera Kosma, wopanda nsapato,
malaya obooka m'khwapa.
Amandiuza kuti ndisamaimbe nyimbo,
ndizingogunda kiyi imodzi yapansi ndi kudikira.
"Lero tigwa," akutero,
ndipo amasungunuka ngati kandulo,
bondo, ntchafu, nthiti, phewa,
osamveka ngakhale phi.

Anyamata akugwa ndi kuseka.
Tymon wagwa kanayi osauzidwa.
Koma Jagoda, wazaka khumi ndi zisanu,
amene anayamba kuimira pa zala asanadziwe kuwerenga,
waima.
Thupi lake likukana.
Akapinda bondo, khosi limadzuka lokha,
manja amafunafuna mpiringidzo womwe palibe.
Tsiku lachitatu analira m'bafa,
ndinamva madzi akutuluka nthawi yaitali.

Aphunzitsi awiriwa sakambirana zambiri.
Amakumana pa ketulo,
wina shuga, wina ayi.
"Mukundiwonongera ana," anatero Mayi Bogumiła tsiku lina,
akutakasa tiyi ndi pensulo.
Kosma anangowapatsa supuni.

Mlungu wachitatu, Lachinayi,
ndinabwerera kudzatenga magalasi anga amaso.
Ana onse anali atapita kunyanja kukaviika mapazi.
Magetsi ozima.
Pakati pa chipinda, Mayi Bogumiła,
ndodo ataitsamiritsa kukhoma,
akupinda bondo pang'onopang'ono,
chitsulo cham'chiuno chikudandaula,
dzanja pansi, chigongono, phewa,
kenako khu, ngati thumba la mbatatesi.
Anagona chagada akuyang'ana denga,
pomwe mbedza yakale yonyamulira zitsulo ikulendewerabe,
nayamba kuseka,
kuseka komwe sindinakumvepo zaka zonsezi.

Sanandione.
Koma pakhomo lina panali mwana,
nsapato zansonga atazikoloweka m'khosi.
Anaiwala botolo lake la madzi.

Sindikudziwa zomwe ananena.
Ndinatuluka mwakachetechete osatenga magalasi,
ndipo ndinakwera tramu yolakwika.

Lachisanu Jagoda anagwa.
Sikunali kugwa kokongola,
anamenyetsa chigongono, chinatupa ngati dzira.
Kosma anamubweretsera ayezi m'thaulo.
Anagwanso.
Ulendo wachisanu ndi chimodzi pansi panamulandira,
anagubuduka, nadzuka ndi liwiro lomwelo
ngati wakankhidwa ndi matabwa.
Ine ndinaiwala kugunda kiyi yanga.

Mawa lake m'mawa ndodo inagogodanso:
raz, dwa.
"Jagoda, chidendene!"
Palibe chinasintha, kupatula kuti mayiwo
anali ndi chilonda chobiriwira pachigongono chakumanja,
mwanayo chakumanzere,
ndipo onse anavala malaya a manja aafupi.

Tsopano apita.
Pansi patsala mizere ya nsapato,
mapini atsitsi amene wosesa amatolera m'kachitini.
Ndatseka piyano.
Mawondo anga ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi,
ndipo ndakhala ndikuyang'ana matabwawa
kwa mphindi zingapo tsopano.