Mfundo za Kuseri kwa Pulasitala

Juni wa ku Luwinga salola zala kuwongoka.
Nkhungu yalowa m'nyumba yopanda mawindoyi
n'kukhala pa matumba a simenti ngati nayonso yalembedwa ganyu.
A Zgambo akuti usayatse kaye.
Pala.

Ndikupala mkuwa ndi sandipepa
mpaka mlomo wa paipi uwale ngati wani tambala wakale uja,
kunja, ndi m'kati mwa chigongono,
kenako kafulakisi pang'ono, osati ngati majarini a mlendo.
Litsiro limene diso lalidumpha, akutero,
madzi adzalipeza usiku iwe uli m'tulo.

Lawi sulozetsa pa waya.
Umatenthetsa mkuwa, mkuwawo ndiwo umaitana.
Ndinaona ndi maso angawa:
waya kungogunda, wasungunuka,
n'kuyenda chokwera m'kampata kochepa ngati tsitsi,
wopanda womulondolera njira.

Mfundo yachisanu ndi chiwiri inandikana.
Kadontho kotsalira m'paipi kankaba kutentha konse,
kumangolira tsii, tsii.
A Zgambo ananyema sikono yanga ya nkhomaliro
n'kuikankhira m'katimo ndi pensulo.
Imeneyo imwa madziwo, mawa ituluka yokha pa mpopi.
Tiyi ndinamwa wopanda chotsitsira.

Lachitatu mwini nyumba anabwera ndi waya wotchipa,
wa mtovu, uja wa okonza mawailesi.
Anamubwezera m'jumbo momwemo.
Muno mudzagona ana a sukulu makumi anayi, bwana,
ndipo adzamwa.
Mtovu suluma lero.
Bwanayo anang'ung'udza mpaka pa geti.

Paipi yodutsa pansi pa simenti sanandipatse.
Imeneyo imafuna moto wina, ndodo ya siliva,
mkuwa kufiira psuu ngati khala la mbaula,
chifukwa ikakwiriridwa palibenso wodzaipepesa.
Ine ndinangogwira lata kuteteza khoma,
nsidze zikununkha.

Lachisanu tinatseka pakamwa ponse, tinapopa,
tinakhala pa zitini kuyang'ana singano ya geji.
Mvula ya mawawa pa denga.
Mphindi khumi, ili njo.
Makumi awiri, yawerama pang'ono
ngati munthu wovomera mlandu.

Ndinathamangira yachisanu ndi chiwiri ija. Youma gwa.
Inali yachitatu,
yosalala, yonyezimira,
imene ndinaijambula pa foni kutumizira Tafwachi.
Kunsi kwake, kumene lawi langa linachita ulesi kuzungulira,
kamkanda ka madzi kanali lende.

A Zgambo sanakalipe.
Anandipatsa sowo.
Dula wekha, ndipo usataye.

Chigongonocho chili m'thumba la ovolosi mpaka pano,
chayamba kubiriwira.
Wopaka pulasitala anabwera Lolemba n'kubisa zonse,
zanga ndi zawo, zokongola ndi zopindika.
Ndikamadutsa pa njinga m'mamawa
ndimamva madzi akuthamanga m'mabafa, ana akukuwa kuzizira,
ndiye ndimachepetsa liwiro
kuyang'ana khomalo
ngati lili ndi banga.