Usiku Wachitatu Wopanda Botolo

Benedita, walira mpaka mawu asasa.
Bambo Anselmo a chipinda chapamwamba
agogoda pansi ndi ndodo kawiri konse.
Sitima yomaliza yawoloka kale mlatho wa pa Douro,
ine ndikadali chilili, kapu ya madzi m'manja.

Lolemba dokotala anatukula kamlomo kako
n'kundilozera pakagalasi:
timadontho tiwiri tofiirira
pomwe dzino limakumana ndi usinini.
"Mkaka wotsalira m'kamwa sugona," anatero.
"Umachezera kudya."

Ine ndinkati n'chikondi.
Ndikaweruka kophika buledi, thupi lili lendee,
botolo ndilo linkatigulira tulo,
osadziwa kuti ngongoleyo ukubweza ndiwe.

Taona, wakankha kapu, malaya anga anyowa.
Lira, mwanangu.
Mano ako khumi ndi awiri
ndawatsuka limodzilimodzi ndi kamswachi kachikasu
kamene umakatcha bakha,
ndipo sindiwasiyanso m'manja mwa shuga.

Kumbandakucha wameza madzi kawiri, monyinyirika,
n'kugona chala chili m'khutu langa.

Kukacha ndiwapititsira buledi wotentha bambo Anselmo.
Botolo lili pamwamba pa kabati, kuseri kwa ufa.
Kulitaya sindinalimbebe mtima.