Waya wa Boma

Ndinamva pa wailesi ya Alufandika,
mabatire atatsala pang'ono kufa,
kuti m'bajeti ya chaka chino atikumbukira
ife a nkhalango ndi malo osungirako nyama.
Anatchula mamiliyoni, mawu onona,
aphungu n'kuomba matebulo
ngati mvula yoyamba pa malata.
Ine ndinayang'ana jombo yanga ya kumanzere
imene yakhala ikuseka chiyambire Febuluwale,
zala zili pamtunda ngati mano.

Ndalama ya boma imayenda ngati mtsinje wa Mwanza:
kumtunda amati wadzaza,
pofika kuno wamira mumchenga,
uchite kufukula ndi chikho kuti unyowetse kukhosi.
Imatsika mapiri a ku Thabwa ikupuma pakona iliyonse,
iwoloke Shire itaonda,
pofika pageti la Lengwe
yasanduka pepala la zidindo zitatu.

Zaka khumi ndi zinayi ndikuyenda ndi mpanda uwu.
Ndikudziwa nsanamira iliyonse imene chiswe chinadya,
pamene madzi osefukira anaugoneka chagada,
pamene njati yothyoka nyanga ija
imadutsa osawerama n'komwe.
Pofunika waya ndimamanga luzi.
Luzi! Njati kuimangira luzi.

Dzulo Ntsai, mlongo wanga bere limodzi,
anandiponyera pakhomo mapesi a mapira opondedwa.
"Ng'ombe zanu za boma zija zadyanso.
Ulembe m'buku lakolo chimene ana anga adye."
Ndinalemba. Ndimalemba nthawi zonse.
Bukulo latsala masamba anayi.

Chaka chatha waya anabweradi,
mipukutu isanu ndi umodzi, wonyezimira.
Tinam'kunga mwezi wathunthu
dzuwa la Okutobala likutiwamba ngati milamba.
Mvula isanagwe ndinam'pezanso m'thengo
atapindidwa mwaluso kukhala khwekhwe,
ali m'khosi mwa boo wamkazi pansi pa tsanya,
ntchentche zitayamba kale maliro.
Ndinam'zindikira:
kapotedwe ka kunsongako kanali ka dzanja langa.
Wotchera msamphayo ndikumudziwanso.
Tinkaponya limodzi mono tili ana,
munda wake unapita ndi chigumula.
Pamzere wa dzina ndinasiya poyera.

Pa dziwe la pakati pampu yakhala duu
chifukwa cha kamphira kochepa ngati chivindikiro cha botolo.
Madzulo njiri zimabwera, michira ili m'mwamba,
agwape, anyani ndi ana kumsana,
n'kuima mozungulira matope ong'aluka
ngati anthu odikira chimanga pa depoti.
Ndiziuze chiyani?
Kuti vaucha ikudikira siginecha ya bwana
amene ali ku msonkhano kunyanja?

Sabata yatha kunafika magalimoto oyera atatu.
Anapaka penti chikwangwani cha pamsewu,
boo wojambulayo ananenepa kuposa amoyo.
Anajambulitsa, anamwa zoziziritsa kukhosi,
fumbi lawo linatsala likutsokomoletsa Zuze pageti.

Inu amene mumagwira cholembera ku Likulu,
sindikuti ndinu mbala, sindikukudziwani.
Mwina nanunso jombo yanu ikuseka pansi pa tebulo.
Ndikungoti nkhalango siidya manambala.
Tsikani tsiku lina kukutentha,
osati pa tsiku la mwambo,
mudzagone usiku umodzi pa nsanja ya Ntsai
mukuomba chigubu kuti njati zibwerere.
M'mawa ndidzakuonetsani mlambe
umene unalipo boma lisanabadwe,
ndi mapazi a nyalugwe pamchenga, atsopano,
kuti mudziwe kuti chimene mukusainiracho chimapuma.

Mukatumiza, tumizani kamphira kaja poyamba.
Waya abwere pamodzi ndi ganyu ya mnzanga uja,
pakuti dzanja limene lakunga mpanda n'kulandirapo kanthu
limachita manyazi kudzaudula.

Mamiliyoni aja sindinawaone.
Mawa tambala woyamba akalira
ndidzasenda luzi lina,
ndilowere kumadzulo kumene nsanamira zitatu zagwa.